Kucheza kwa pa Moto: Mwana Wathu ndi Chisanu cha ku Maputo

Kuno ku Lifidzi nyengo yachisanu yafika ndi ukali wake wa chaka ndi chaka. M'mamawa nkhungu imaphimba dambo lonse, madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Phiri la Domwe, limene latalika mamita oposa 2,000, masiku ena limagonera m'mitambo osaoneka mpaka dzuwa litakwera. Chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo madzulo aliwonse banja limasonkhana pa moto kukazinga chimanga ndi kuotcha mbatata. Ife a ku Angónia chisanu timachidziwa, pakuti tinabadwira momwemo.

Sabata lapitalo, titatuluka m'mapemphero, mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe anandiimitsa panjira nkhope ili yakugwa. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa foni, nandionetsa chithunzi cha mwana wake wamkazi amene ali m'chaka chachiwiri pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo. Mtsikanayo anali atavala jekete, ataima pansi pa mitengo ikuluikulu pamodzi ndi anzake anayi, onse akuseka mano ali pamtunda.

"Aphunzitsi, taonani," anatero mayiyo. "Ine ndagulitsa matumba asanu ndi limodzi a mbatata ya kachewere kuti mwanayu adye ndi kulipira pogona. Tchuthi chino walephera kubwera chifukwa ndalama ya ulendo yasowa. Ndimaganiza kuti ali m'nyumba akuwerenga, koma onani, ali m'mapaki. Kodi ndinamtumiza kukaphunzira kapena kukaseka?"

Ndinawayankha kuti, "Mayi, khazikani mtima pansi. Chithunzi chimene chikanandiopsa ine ndi cha mwana ali yekha m'chipinda, atafunda bulangete masana." Sanakhutire ndi yankho langa, ndipo popeza ndikudziwa kuti makolo ambiri m'mipingo yathu ali ndi nkhawa yomweyo, ndaganiza zoti tikambirane nkhaniyi pano.

Tchuthi cha pakati pa chaka

Tiyambe ndi mtunda umene mwanayo ali. Kuchokera ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete pali makilomita oposa 200. Kuchokera pamenepo basi imadutsa ku Changara, Catandica ndi Chimoio, nikhotera kum'mwera pa Inchope, kuoloka mtsinje wa Save, kudutsa Maxixe ndi Xai-Xai, mpaka kukatsitsa anthu pa Junta ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500. Kupita ndi kubwera kumadya masiku angapo ndiponso ndalama imene banja la mlimi silingaitulutse kawiri pachaka. Chifukwa cha ichi, mayeso a chigawo choyamba akatha ndipo tchuthi chachifupi cha mwezi wa Julaye chikayamba, ana a ku Maputo ndi ku Matola amanyamula zikwama kupita kwawo, koma ana a ku Tete, ku Niassa ndi ku Cabo Delgado amatsala.

Chisanu cha ku Maputo, kunena zoona, n'chamasewera kwa munthu wa kuno kumapiri. Mzindawo uli m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye masana kumafunda mpaka madigiri 24 kapena 25, usiku n'kutsikira pafupi ndi 14. Eni mzinda amavala zipewa zaubweya ndi majuzi awiriawiri pamene mwana wa ku Tsangano akuyenda ndi malaya okha, akudabwa kuti anthuwa akunjenjemera ndi chiyani. Komabe pali zinthu ziwiri zimene zimamgwira mlendo. Choyamba ndi mphepo ya kum'mwera, imene imabwera mwadzidzidzi ndi mitambo ndi mvula yowaza, n'kulowa m'mafupa chifukwa cha chinyezi. Chachiwiri ndi mdima. Popeza Maputo ali kum'mwera kwambiri kuposa kuno, dzuwa la mwezi wa Juni limalowa itangopitirira pang'ono 5 koloko, ndipo usiku umatalika.

Kuno kwathu usiku wautali wachisanu ndiwo umasonkhanitsa anthu. Agogo amayamba nthano, ana amaponyerana zilapi, ndipo mlendo wodutsa amaitanidwa kuti aothe nawo. Mumzinda chisanu chimagwira ntchito yosiyana: aliyense amatseka chitseko chake. Mwana amene wakulira pakati pa anthu khumi amapezeka ali yekha pakati pa anthu oposa miliyoni imodzi, amene akulankhula Chichangana ndi Chironga chimene iye sachimva. Kuzizira kumene kumadwalitsa ana athu kumeneko n'kumeneku.

Zimene zinandichitikira ine

Ndikulankhula zimene ndinaziona ndekha. Ndinapita ku Maputo kukaphunzira m'zaka za m'ma 1990, nkhondo itangotha ndi pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992, ambiri a ife titangobwerera kumene kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kumene tinathawira. Bambo anga ponditsanzika anati, "Mwanawe, mumzinda muli mikango. Njira yako ikhale ya kukalasi ndi kuchipinda basi." Ndinawamvera kwathunthu. Tchuthi changa choyamba cha Julaye ndinakhala m'chipinda milungu iwiri, ndikuwerenga tsamba limodzi kasanu osamva kanthu, ndikuwerengera timakobidi tanga m'mawa ndi madzulo. Chakudya chinaleka kukoma, tulo tinathawa, ndipo ndinayamba kulemba kalata yopempha kuti ndibwerere kumudzi ndikalime fodya.

Amene anandipulumutsa anali bambo wina wachikulire wa ku Gaza, amene tinkapemphera naye. Atamva kuti ndine wa ku Angónia anaseka kwambiri, nati, "Iwe ndiwe mbale wanga, sudziwa? Loweruka ubwere, ndikakuonetse agogo ako." Anapita nane ku Fortaleza, linga lakale la Apwitikizi limene lili pafupi ndi doko. M'menemo anandionetsa bokosi lamatabwa losemedwa mwaluso la Ngungunhane, mfumu yotsiriza ya ufumu wa Gaza, amene anagwidwa ku Chaimite mu Disembala 1895, natengedwa ukapolo kupita ku zilumba za Açores kumene anamwalira mu 1906. Bokosilo linabwera m'dziko muno mu 1985. Pabwalo la linga lomwelo pali chifanizo cha Mouzinho de Albuquerque, msilikali amene anamgwira, atakwera pa kavalo.

Mkuluyo anandifotokozera kuti agogo ake a Ngungunhane, a Soshangane, anachoka kum'mwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka, monganso anachokera Zwangendaba ndi Angoni a kwa Maseko. Soshangane anakhazikika kum'mwera kwa Mozambique. Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo a Maseko, atayenda njira yawoyawo zaka zambiri, anadzakhazikika pa Domwe motsogozedwa ndi Chidyaonga. Dzina lakuti Angónia linachokera kwa Angoni amenewa. Ndinatuluka m'lingamo ndili munthu wina. Anthu amene ndinkawaopa m'misewu ndinayamba kuwaona ngati ana a amalume, ndipo kalata ija ndinaing'amba usiku womwewo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono kutaya sukulu chifukwa choopa kutuluka pakhomo.

Mzinda nawonso ndi sukulu

Nyengo yachisanu ndiyo nthawi yabwino yoyendera Maputo. Mvula yamphamvu kulibe, matope aphwa, udzudzu wachepa, ndipo munthu angathe kuyenda pansi tsiku lonse osatuluka thukuta. Zinthu zambiri zoyenera kuona sizilira ndalama zochuluka, ndipo zina n'zaulere.

Mitengo imene inali pachithunzi cha mtsikana uja ndinaizindikira msanga. Ndi ya m'munda wa Tunduru, umene unakonzedwa mu 1885 pakati pa mzinda, mmene muli mitengo yochokera kumaiko osiyanasiyana ndi mileme yambiri yolendewera m'nthambi. Pafupi pomwepo pali Casa de Ferro, nyumba yachitsulo yokhayokha ya m'chaka cha 1892, imene inamangidwira bwanamkubwa koma inapezeka yotentha kwambiri kwa munthu wokhalamo. Wophunzira zomangamanga akaiona amamvetsa tsiku lomwelo chifukwa chake makolo athu ankafolera ndi udzu. Kumunsi kwake kuli siteshoni ya sitima zapamtunda ya CFM, imene ili m'gulu la nyumba zokongola kwambiri mu Africa. Ku Museu de História Natural, imene ili m'manja mwa yunivesite yomweyo, kuli ana a njovu osabadwa osungidwa motsatana, kuonetsa mmene njovu imakulira m'mimba pa miyezi 22 ya bere lake. Mwana wophunzira zaulimi, zaziweto kapena zaudokotala sangaiwale zimenezo. Ku Museu Nacional de Arte kuli zojambula za Malangatana ndi zosema za Alberto Chissano. Ku Mafalala, dera la nyumba zamalata, n'kumene kunakulira katswiri wa mpira Eusébio, ndipo mlakatuli José Craveirinha anakhalako zaka zambiri. Ndipo kuyambira mu Novembala 2018 pali mlatho waukulu wopita ku Katembe, umene mwana wa kuno, wozolowera milatho ya mitengo ya pa mitsinje yathu, ayenera kukauona ndi maso ake.

Palinso zosangalatsa zing'onozing'ono zimene wophunzira amazikumbukira mpaka ukalamba: buledi wotentha wokhala ndi badjia m'mawa wozizira, nsima ya matapa, kupikisana mtengo wa juzi pa kaunjika wa ku Xipamanine, kukwera chapa yodzaza mpaka ku Costa do Sol kukangoyang'ana nyanja, ndi kuyenda m'misewu pa 25 Juni, tsiku limene dziko lino linalandira ufulu mu 1975. Pa zonsezi mwana amaphunzira kufunsa njira, kusunga ndalama, kulankhula Chipwitikizi cha pamsewu chimene sichili m'mabuku, ndi kukhala ndi anthu a mitundu ina popanda mantha. Tsiku limene adzafune ntchito, zimenezi zidzamthandiza pamodzi ndi satifiketi yake.

Amene anatitsogolera

Munthu amene dzina lake lili pachipata cha yunivesite ija anali wophunzira wa m'mizinda yozizira. Eduardo Mondlane anabadwa mu 1920 m'dera la Manjacaze, anaweta ziweto ali mwana, naphunzira m'sukulu za mishoni ya a ku Switzerland. Analowa Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, koma boma la tsankho linamchotsa m'dzikomo mu 1949. Anapita ku Lisbon, kumene anadziwana ndi ophunzira ena a ku Africa monga Amílcar Cabral ndi Agostinho Neto. Pambuyo pake anaphunzira ku Oberlin College, natsiriza mu 1953, ndiponso ku Northwestern University pafupi ndi Chicago, kumene chipale chimagwa n'kukwirira misewu. Ophunzira a ku Lisbon aja ankasonkhana m'nyumba yotchedwa Casa dos Estudantes do Império, kudya pamodzi, kuimba ndi kutsutsana, ndipo mwa iwo munatuluka atsogoleri a ufulu wa maiko angapo. Akanakhala kuti aliyense anadzitsekera m'chipinda chake, mbiri ya maiko athu ikanayenda mwina.

Ku Chicago komweko, Hastings Kamuzu Banda ali wophunzira, anapatula nthawi yake kuthandiza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins, ndipo ntchito imeneyo inabala buku la galamala ya Chichewa limene linasindikizidwa mu 1937. Chilankhulo chimene mukuwerengachi chinapindula ndi maola amene wophunzira wina anawagwiritsa ntchito kunja kwa maphunziro ake.

Mikango ilipodi

Sindikunena kuti bambo anga ananama. Mikango mumzinda ilimo, ndipo nyengo yachisanu ndiyo imasaka kwambiri. Koma tiyenera kuitchula maina ake, kuti mwana adziwe chimene akuthawa.

Woyamba ndi mbaula. Ana athu ambiri amachita lendi tizipinda tating'ono, ndipo kukazizira amalowetsa makala oyaka, n'kutseka chitseko ndi zenera. Makala akamayaka m'malo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Mpweyawo umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso. Kumudzi timapulumuka chifukwa denga laudzu limapuma, koma chipinda cha simenti ndi malata sichitero. Chenjezo limeneli likhale lamphamvu koposa kwa ana athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Pretoria. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, usiku wina madzi amaundana, ndipo pa 10 Julaye 2023 kunagwa chipale. Mbaula izimitsidwe kapena itulutsidwe panja munthu asanagone. Botolo la madzi otentha lokulungidwa m'nsalu limafunditsa mapazi popanda kupha munthu.

Wachiwiri ndi mowa wotsika mtengo wa m'timabotolo, umene achinyamata amati umachotsa kuzizira. Zoona zake n'zakuti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva ngati wafunda pamene thupi likutaya kutentha kwake. Umadyanso ndalama ya chakudya cha mlungu wathunthu usiku umodzi.

Wachitatu ndi munthu wagalimoto amene amaima pafupi ndi malo ogona ophunzira tchuthi chikayamba, podziwa kuti amene atsala ndi ana akutali, a m'matumba mopepuka. Amayamba ndi jekete ndi chakudya cha kulesitilanti, mapeto ake ndi mimba, matenda kapena kusiya sukulu.

Tsono taonani bwino, abale ndi alongo: mikango itatu yonseyi imagwira mwana amene ali yekha. Wogona ndi mbaula alibe womudzutsa, womwa alibe womuletsa, ndipo mtsikana wosungulumwa ndiye amamvera mawu okoma a mlendo. Mtsikana wa pachithunzi uja, amene ali ndi anzake anayi oyenda nawo masana ndi kuphika nawo madzulo, ali m'khola lolimba kuposa amene wadzitsekera.

Mawu kwa ophunzira

Inu ana athu amene mwatsala mumzinda tchuthi chino, tengani mwambo wa kwanu mupite nawo kumeneko. Kuno chisanu timachigonjetsa posonkhana, ndipo inunso chitani chimodzimodzi. Funani anzanu a ku Angónia, ku Macanga ndi ku Tsangano, musonkhe kangachepe, muphike nsima ndi nyemba m'chipinda cha mmodzi wa inu, mulankhule Chichewa mpaka mtima ukhale pansi. Koma musathere pa a kwanu okha. Itanani mnzanu wa ku Nampula kapena wa ku Inhambane, ndipo akakuitanani kwawo pitani. Phunzirani kupereka moni m'Chichangana, muone mmene nkhope ya mayi wogulitsa tomato idzasinthire. Gawani tsiku lanu: m'mawa ku laibulale ya Brazão Mazula kukonzekera chigawo chachiwiri, masana kuyenda, ndipo mdima usanagwe mukhale mutafika pogona. Yendani awiri kapena atatu, foni ili m'thumba lamkati. Lamulungu pitani kumene anthu asonkhana, pakuti m'mipingo ya mumzinda muli amayi ndi abambo amene angakondwe kudyetsa mwana wa mnzawo. Ndipo mukaona mnzanu wasiya kutuluka, wasiya kudya, kapena akulankhula zotaya mtima, musamsiye. Gogodani pachitseko chake, ndipo zikapitirira mperekezeni kuchipatala kapena kwa alangizi a pasukulu. Mutu umodzi susenza denga.

Musaiwalenso kumene ndalama yanu ikuchokera. Chisangalalo chimene chimadya thumba la mbatata usiku umodzi ndi kuba, ngakhale wobedwayo ndi mayi wanu. Chisangalalo chimene mungathe kuwafotokozera amayi anu popanda kubisa kanthu, chimenecho ndi chanu, sangalalani nacho ndi mtima wonse.

Mawu kwa makolo

Ife makolo tisinthe mafunso athu. Tikaimba foni timafunsa za mayeso ndi za ndalama, n'kudula. Tiyeni tifunsenso kuti, "Kodi wadya ndi yani lero? Anzako ndi a kuti? Waona chiyani chachilendo mlungu uno?" Mwana amene ayankha mafunso amenewa mokondwa ali bwino. Amene ayankha kuti "ndili m'chipinda" tsiku ndi tsiku ndiye tiyenera kumdera nkhawa. Potumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, ngati kungatheke tionjezerepo kochepa, n'kunena poyera kuti, "Aka n'ka chapa, ukaone nyanja." Munthu wodziwika akamapita kumeneko, timpatsire kathumba ka ufa, nyemba ndi bulangete. Ndipo amene muli ndi abale ku Maputo, ku Beira kapena ku Lilongwe, apempheni kuti atsegule makomo awo kwa ophunzira a kwathu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mayi uja ndinakumana nayenso Lachinayi pachigayo. Anati anamuimbira mwana wake n'kumufunsa maina a anzake a pachithunzi, ndipo mtsikanayo anawatchula onse ndi kwawo komwe: awiri a ku Lichinga, mmodzi wa ku Quelimane, ndi mmodzi wa ku Ulónguè amene agogo ake mayiyo amawadziwa. Madzulo amaphika pamodzi, ndipo mayeso onse a chigawo choyamba anakhoza. "Komabe, Aphunzitsi," anatero akusenza ufa wake, "ndamuuza kuti jekete limenelo ndikufuna kudziwa amene anamugulira." Ndinawauza kuti funso limenelo ndi labwino ndithu, ndipo asaleke kulifunsa.

Mwezi wamawa tidzakambirana za ana amene amaliza maphunziro koma ntchito sakuipeza. Pakadali pano fundani bwino, sungani ana kutali ndi moto, ndipo mbaula igone panja. Tsalani bwino.